Pikapu yanga yayamba dzimbiri nyengo yozizira ino, ndiisamale bwanji?

Bambo a Tadala, Matawale:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Toyota Hilux ya dizilo, yakale ndithu, koma ndi yomwe ikudyetsa banja langa. Ndimanyamula nsomba kuchokera ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, kubwera nazo mumsika waukulu wa Zomba, masiku ena matabwa ndi mbatatesi kuchokera kuphiri, ndipo ikafika nthawi ya feteleza anthu amandichita hayala kupita ku Jali ndi ku Mayaka. Usiku imagona panja chifukwa galaja ndilibe.

Chilowere Juni, m'mawa uliwonse ndikumaipeza ili chinyowere ndi mame. Chiperoni chikabwera ndiye siuma mpaka masana, ndipo ndikangolowa msewu wafumbi, fumbi lonse limamatirira pamenepo. Panopa ndaona timadontho ta dzimbiri m'makona a bodi, komanso kunsi kwa chitseko chakumbuyo chija timatsitsa pokweza katundu. Zikundidetsa nkhawa chifukwa ndalama yogulira ina ndilibe.

Ndiziitsuka kangati, ndi sopo wanji? Mnyamata amene amanditsukira amagwiritsa ntchito sopo waufa wochapira zovala. Pa YouTube ndaona anthu a ku Canada akutsuka kunsi kwa galimoto pafupipafupi nyengo yachisanu, kodi nafenso tiyenera kutero? China, m'mawa ikumavuta kulira, mpaka nthawi zina ana akumachita kukankha.

Makaniko wa ku Chinamwali:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa dzimbirilo lisanaboole. Ndiyambe ndi za ku Canada. Kumeneko amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndiye matayala amamwaza mcherewo kunsi kwa galimoto. N'chifukwa chake amatsuka chotero. Ife misewu yathu sathiramo mchere, koma inuyo mcherewo mumachita kuukweza nokha. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo, choncho madzi ake ndi matope a m'mbali mwake ali ndi mchere. Madzi otuluka m'mabasiketi a makumba ndi milamba yaiwisi amatsikira m'makona momwemo mwaona dzimbirimo.

Koma mdani wamkulu ndi feteleza. Thumba likangobooka pang'ono, timibulu timalowa m'mizere ya bodi n'kukhala momwemo miyezi. Feteleza amakoka chinyontho cha mumpweya, ndiye mame a Juni ndi Julayi akamagwa usiku uliwonse, iye amasungunuka n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Mwina dzimbiri mukuliona lero lachokera ku matumba omwe munanyamula Novembala. Tsiku lililonse mwanyamula feteleza kapena nsomba zaziwisi, sesani ndi kuthira madzi ambiri kumbuyoko tsiku lomwelo, ngakhale galimoto yonse musaitsuke. Ngati munayala mphira pansi, muziuchotsa, chifukwa kunsi kwake sikuuma.

Za sopo waufa, muuzeni mnyamatayo asiye. Amachotsa polishi, penti n'kuyamba kumbuwa, ndipo mphira wa m'mawindo amauma n'kung'aluka. Gulani sopo wamadzi wotsukira galimoto, amapezeka m'mashopu a zipangizo za galimoto m'tauni muno, ndipo kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Asanagwire nsanza ayambe wathira madzi okhaokha kuti fumbi litsike. Kupukuta fumbi louma kuli ngati kupala penti ndi sandipepa. Akhale ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsanza, ndipo ayambire padenga, matayala akhale omaliza.

Nthawi yotsukira nayo ndi nkhani. Nyengo ino musatsuke madzulo, chifukwa galimoto imagona ndi madzi m'malo obisika, mame n'kudzawonjezera. Tsukani dzuwa litakwera, cha m'ma 10 koloko, kuti iume bwinobwino. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Kunsi kwa zitseko zonse kuli timabowo totulutsira madzi, ndipo fumbi limatitseka. Tengani kawaya mutitsegule. Poimika usiku, mutu uloze kumtunda kuti madzi a m'bodi azitulukira kumbuyo.

Kunsi kwa galimoto musamatsuke sabata iliyonse ayi, koma kamodzi kokha panopa kutsukeni mwamphamvu ndi payipi, chifukwa matope a dzinja lapitali akadali m'kati mwa chasisi (zitsulo zakunsi zomwe zimanyamula galimoto yonse) ndi pamwamba pa matayala, ndipo amasunga chinyontho. Timadontho ta dzimbirito palani ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, pakani red oxide (penti yofiira yoyambirira yoteteza dzimbiri), ikauma mupake penti. Mukangopaka penti pamwamba pa dzimbiri, limapitiriza kudya m'kati.

Zovuta kulirazo n'zapadera. Kukazizira batire imachepa mphamvu, oyilo amalimba, ndipo dizilo amafuna kutentha kuti ayake. Mukatembenuza kiyi dikirani kagetsi ka heater kazime musanalize. Ngati ikuvutabe ndipo ikalira ikutulutsa utsi woyera, kayezetseni ma heater plug, tizipangizo totenthetsa injini isanalire, mwina ena anafa. Mitu ya batire ikachita zoyerayera zija, itsukeni ndi madzi ofunda othira soda, muimange bwino n'kupaka girisi pang'ono.

Mayi a Chisomo, Songani:

Bambo a Tadala, ine ndi bambo akunyumba tili ndi Nissan yomwe timagulitsira zamasamba, ndiye ndiwonjezereko zomwe amakanikowa sananene. Za nsombazo, muziyala pepala lapulasitiki lolimba musanakweze, m'mbali mwake mulipinde kuti madzi asadutse. Mukatsitsa katundu mulichotse n'kuliyanika. Likagona momwemo ndiye mwaipitsa zinthu.

Lona wofunditsa usiku amathandiza pa mame, koma galimoto ikhale youma ndi yopanda fumbi. Mukafunditsa yafumbi, mphepo ya nyengo ino imagwedeza lonayo usiku wonse n'kukala penti. M'mawa muzimuchotsa msanga.

Mukakwera ku Ku Chawe musamaimike pansi pa mitengo ya paini. Utomoni wake ukadontha n'kuuma, sopo sauchotsa. Ife timanyowetsa kansalu ndi parafini pang'ono, n'kufikisa pamalo pokhapo, kenako n'kutsukapo ndi sopo nthawi yomweyo. Zitosi za mbalame nazo musazisiye zigone, zimawotcha penti.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ine ndi galasi lakutsogolo. Msewu wa kuphiri ndi wokhotakhota, ndipo chifunga chikatsika simuona patali, pomwe anthu a nkhuni ndi njinga zawo akutsika mumsewu womwewo. Galasi muzilipukuta m'kati mwakenso, chifukwa lakuda limachita nthunzi msanga. Osaliza mawaipa pafumbi louma, thiranipo madzi kaye. Magetsi akutsogolo ndi akumbuyo muziwapukuta m'mawa uliwonse, ndi ntchito yosatenga nthawi. Tsiku ladzuwa tulutsani mamati a m'kati muwayanike, zitseko zikhale zotsegula, apo ayi m'galimoto mumayamba kununkha nkhungu.

Dalaivala Wopuma, Thondwe:

Ana anga, ife pa nthawi yathu zonsezi kunalibe. Tinkatenga oyilo wakutha wochotsa mu injini, kusakaniza ndi dizilo, n'kupopera kunsi konse. Malole amene ndinkayendetsa msewu wa Blantyre mpaka Mangochi chasisi yake sinkadziwa dzimbiri. Oyiloyo ndi waulere, galaja iliyonse amakupatsani. Yesani muone.

Makaniko wa ku Chinamwali:

Bambo, zomwe mukunenazi n'zoona, chitsulo chopakidwa oyilo sichichita dzimbiri msanga, ndipo ambiri tinaphunzira ntchito tikuona akuluakulu akutero. Koma pa pikapu ngati iyi ndikupempha tisiyane pang'ono. Oyilo wakutha amafewetsa mabushi a mphira ndi timapaipi ta mphira ta mabuleki, ndipo akadonthera pa mabuleki penipenipo galimoto siima bwino. Munthu wotsika phiri la Zomba ndi matabwa kumbuyo sangasewere ndi zimenezo. Komanso msewu wa ku Kachulu fumbi lake mukulidziwa, limamatira pa oyilopo n'kupanga chiphala chomwe chimabisa ming'alu, makaniko osaiona.

Chabwino n'kutsuka chasisi, iume masiku adzuwa, kenako kupaka penti yakuda ya kunsi kwa galimoto ndi burashi. Girisi apite m'malo mwake, m'manipo (timabowo tolowetsera girisi) ndi m'mahinji a zitseko.

Ndipo poti tatchula oyilo, achimwene, chonde musakatsukire mumtsinje wa Likangala monga ena akuchitira. Madzi amenewo anthu akumunsi amachapira ndi kuthirira madimba, ndipo amakathera ku Chilwa komwe mumakatenga nsombako. Zomwe zalowa m'nyanja imeneyo zilibe kotulukira.

Bambo a Tadala, Matawale:

Zikomo kwambiri nonsenu, ndi inunso bambo a ku Thondwe. Ndachotsa mphira uja kumbuyo, ndipo kunsi kwake ndapezadi feteleza atagwirana m'mizere, penapake chitsulo chikufufutika ndikakanda ndi kiyi. Pakona imodzi pafupi ndi tayala lakumanzere pachita kabowo kokwana chala. Pamenepa red oxide angathandizebe, kapena ndithire phala lomatira mabowo lija amati body filler?

Makaniko wa ku Chinamwali:

Pabowopo filler ayi, achimwene. Bodi ya pikapu imagwedezeka ndi katundu, ndiye filler amang'aluka n'kumasunga madzi kuseri kwake. Pitani kwa owotcherera adule malo onse ofufutikawo mpaka pomwe chitsulo chili cholimba, aikepo chigamba cha chitsulo. Akumbutseni achotse mawaya a batire asanayambe, ndipo aone kumene kuli thanki ya dizilo ndi mapaipi ake, chifukwa zimakhala kunsi kwa bodi komweko. Akamaliza mupake red oxide mbali zonse ziwiri, pamwamba ndi kunsi komwe, chifukwa powotcherera ndi pamene dzimbiri limayambiranso msanga. Muchite zimenezi mwezi uno kukadali kouma, matumba a feteleza asanayambe kuyenda.