Chidikiro cha kwathu ndi dzina la Ate

Make Tadala (Manchester): Odi abale. Ate tawaika m'manda Lachisanu. Amene simukuwadziwa, ndi namwino mnzanga wa ku Philippines uja anatithandiza nthawi ya namondwe wa Freddy. "Ate" si dzina lawo lenileni, kwawoko ndi mmene amaitanira achemwali aakulu, ndiye wodi yonse inangozolowera choncho. Anabwera kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene NHS, nthambi ya zipatala za boma kuno ku Britain, inkatenga anamwino ambirimbiri ku Philippines. Ana awo awiri anatsala ndi agogo awo ku Tacloban, ankangowalera pa foni. Anawo atabwera, Ate anasankha kugwira ntchito usiku kuti masana azikhala nawo. Ndinkawaona m'mawa tikuweruka, maso ali psuu, akusukusula pa sinki, jekete pamwamba pa yunifomu, kuthamangira basi kuti akawaperekeze kusukulu. Anawo anena kuti chipepeso chimene tinasonkha kuno chipite ku chidikiro tikumanga kumudzi chija. Ine ndikuti chidikirocho chitchedwe dzina lawo.

Bambo a Chikondi (Migowi): Mzimu wawo uuse mumtendere. Koma mayi, munthu woti sanapondeko ku Phalombe kuno dzina lake likhale pakhoma? Amfumu anapereka malo ulere. Amayi a m'mudzi aumba njerwa, atuta mchenga kumtsinje pamutu. Ndikawauze chiyani?

Achimwene aku Joni: Ine funso langa ndi limodzi. Anatidziwa bwanji ife?

Make Tadala (Manchester): Mu Novembala 2013 namondwe wa Haiyan, iwo ankati Yolanda, anasesa Tacloban. Masiku anayi foni ya mayi awo inali zii, koma kuntchito ankabwerabe, kumwetsa odwala mankhwala manja akunjenjemera. Ndiye mu Malichi 2023 nditawaonetsa kanema wa matope ndi miyala zikutsika m'phiri kwathuko, sanayankhe kanthu, anangondigwira dzanja. Mawa lake pa buleki anabwera ndi mbale yaikulu ya pancit, chakudya cha kwawo chonga supageti, aliyense wodya amaponya kangachepe mu envelopu. Mabulangete mudalandira kusukulu aja anachokera mmenemo, a Bambo a Chikondi.

Bambo a Chikondi (Migowi): Zimenezo sindinkazidziwa. Ine ndinkayesa ndi a bungwe.

Msungichuma (Blantyre): Pepani ndilowererepo. Tikukangana za dzina nyumba ilibe denga. Khoma lafika pa lintala. Kwatsala malata, zitseko, bafa, chimbudzi ndi khitchini ya odikirira. Mayi woyembekezera sabwera yekha, amabwera ndi womudikirira, mbaula, nkhuni ndi ndowa. Ndalama ya chikwangwani ine sindisayinira.

Aphunzitsi opuma (Zomba): Ana anga, malemuwo anali namwino. Bwanji ndalamayo tilipirire mtsikana mmodzi wa kwathu sukulu ya unamwino? Khoma limagwa, tinaona tokha.

Achimwene aku Joni: Akamaliza athawire ku Manchester ngati Make Tadala? Kkkk

Make Tadala (Manchester): Achimwene, inunso mukulembera muli kuti? Mkangano umenewo ku Philippines uliko, timaukamba kawirikawiri ndi Ate. Chaka chilichonse ankadzaza chikatoni chachikulu, amati balikbayan, muli sopo, nsapato, zakudya zam'chitini, n'kuchimata tepi mpaka chilimbe ngati ng'oma. Ndinkaseka, ndimvekere ndi zomwezija za mabasi a ku Joni. Ankati mudzi wonse umadyera mwa namwino mmodzi, koma mayi awo a Ate atadwala anasamalidwa ndi anthu ena. Zinkawapweteka kwambiri zimenezo. Maganizo a aphunzitsiwo sindikuwakana, koma ana anena chidikiro, ndipo ndalama ya maliro sitingaikhotetse.

Bambo a Chikondi (Migowi): Nanga chipinda chimodzi chokha chitakhala cha Ate, nyumba yonse n'kukhala ya dzina la mudzi? Zimenezo ndikhoza kukaima nazo pamaso pa amfumu. Dzinalo tingolemba ndi penti, ndili nayo yotsala.

Msungichuma (Blantyre): Ya penti yanu ndiye ndavomera.

Wapampando (Lilongwe): Make Tadala, kafunseni kaye anawo ngati angalole dzina la mayi awo lilembedwe. Paja munati ali ndi misa ya tsiku la 40 chimwalirireni mayi awo, mukawapeze kumeneko. Loweruka 7 koloko madzulo tikumane pa WhatsApp pano tivote.

Bambo a Chikondi (Migowi): Chabwino. Koma a msungichuma, malata aja atumizidwa liti? Kuno mitambo yayamba kale kuda.