Sukulu ya mwana wanga yatseka pakati pa temu, fizi tinalipiriratu, titani?

mayi_wa_atsikana:
Abale ndithandizeni maganizo mutu wanga sukugwira. Sukulu yapulaiveti imene mwana wanga wamkulu amaphunzira yatsekedwa basi osatiuza n'komwe. Ana apita m'mawa apeza geti ndi lokhoma, mlonda wake wachilendo osati amene timamudziwa uja, pageti amatapo chipepala choti sukulu yaimitsa ntchito zake zonse ndipo nkhani ili m'manja mwa maloya. Foni ya a dailekita siikupezeka, a hedi akuti nawonso sanalandire malipiro miyezi ingapo ndiye tisawavutitse. Chondiwawa kwambiri n'choti fizi ndinalipiriratu ya chaka chonse poti anatiuza kuti olipira pakamodzi awachotserako pang'ono, komanso mwanayu ali m'kalasi ya mayeso. Ndiye funso langa, sukulu yodzadza ana choncho, mabasi atsopano, chaka chatha chomwechi amanga holo, ingagwe bwanji? Ndalama zonse zija zalowera kuti? Nanga zathuzi tingazionenso kapena tingoiwala?

WaMaakaunti:
Pepani kwambiri amayi. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za makampani ndiye ndiyesa kufotokoza, mukhululuke ndilemba zambiri.

Sukulu ngati imeneyo ndi bizinesi, ili ndi eni ake amene amafuna phindu, ndipo vuto la bizinesi ya sukulu n'loti zolipira zake sizitsika ana akachepa. Kalasi ikhale ndi ana 30 kapena 22, mphunzitsi ndi mmodzi yemweyo malipiro ake omwewo, lendi yomweyo, magetsi omwewo, basi ikuyenda msewu womwewo mafuta omwewo. Ndiye phindu lonse limakhala pa ana omalizira ochepa aja. Akachoka ana 8 m'kalasi iliyonse inu kholo simungaone kusintha, pa asembule mudzaona ana ali mbwee ngati kale, koma m'mabuku sukulu yayamba kale kudya ndalama zomwe ilibe.

Tsono mabasi ndi holo mukunenazo ndiye mwina ndi zimene zaipha. Zinthu zotere kawirikawiri sagula ndi ndalama za m'thumba, amakongola kubanki n'kupereka malo a sukulu ngati chikole, powerengera kuti holo ikaoneka ana adzachuluka. Ana akapanda kuchuluka banki siimva zimenezo, mwezi ukatha ikufuna zake ndi chiwongoladzanja chomwe.

Apa ndi pamene imabwerera nkhani ya "lipiriranitu chaka chonse tikuchotserani". Sindikuti sukulu iliyonse yochita zimenezi ili pamavuto ayi, zina zimangofuna kuchepetsa chintchito chothamangitsana ndi makolo. Koma sukulu yomwe yapanikizika imagwiritsa ntchito njirayi ngati ngongole yopanda chikole yochokera kwa makolo. Ndalama yanu ya temu yachitatu imene mwana sanaphunzire n'komwe inalipira malipiro a aphunzitsi a chaka chatha, kukumba dzenje kuti ukwirire dzenje lina. Zimayenda bola chaka chilichonse kubwere makolo atsopano okwanira, tsiku limene sabwera ndi limene mumapeza loko pageti.

Za kubwezeredwa ndisakunamizeni. Kampani ikagwa, m'mayiko ambiri ndalama zogulitsa katundu zimagawidwa motsata mzere. Amene ali ndi chikole monga banki amayamba kutenga pa katundu amene anamugwira uja, liquidator (munthu amene amaikidwa kuti agulitse katundu wa kampani yakugwa n'kugawa ndalamazo) naye amatengapo zolipirira ntchito yake, ogwira ntchito nthawi zambiri amaikidwa patsogolo pa gawo lina la malipiro awo, kwina a msonkho nawo amakhala kutsogolo. Makolo olipiriratu mumagwera gulu limodzi ndi amene ankaperekera choko ndi mapepala pangongole, kumapeto kwenikweni kwa mzere. Pena kumatsala kangachepe, pena osatsala kanthu. Komabe kalembetseni dandaulo lanu kwa liquidator ndi malisiti onse, osalembetsa sawerengedwa n'komwe.

chokoNdiBolodi:
Zonse anena a WaMaakaunti ndi zoona, ine ndinaphunzitsapo pa sukulu ina yomwe inatha chonchi. Makolo amadzidzimuka koma ife mu sitafu rumu tinkadziwa kalekale. Malipiro anayamba kubwera mochedwa, kenako mwatheka mwatheka, kenako envulopu yokhala ndi kakalata kopepesa basi. Ndalama za penshoni ankatidula pa pepala la malipiro koma titakafufuza tinapeza kuti sizinkafika kumene zimayenera kupita. Makina osindikizira mayeso anawonongeka osakonzedwa, mayeso a pakati pa temu tinkalemba pabolodi ana n'kumakopera. Aphunzitsi a sayansi ndi masamu ndi amene amayamba kuthawa poti ntchito amaipeza msanga kwina, ndiye mukaona mwana wanu wasinthiridwa mphunzitsi wa masamu katatu chaka chimodzi dziwani kuti kuofesi kwatentha.

Koma amayi za ndalamazo zibwere pambuyo kaye. Thamangirani mapepala a mwana. Malipoti a matemu onse, kalata ya transifa, ndipo chachikulu fufuzani ku bungwe loyendetsa mayeso ngati dzina lake linalembetsedwadi ndiponso ngati ndalama ya mayeso inafika. Kwathu kuja ana ena makolo analipira ndalama ya mayeso kusukulu koma inathera mu zina, zinadziwika mochedwa kulira kunali kosasimbika. Ofesi ikangotsekedwa ndi a khothi mafayilo kuwapeza kumavuta, makompyuta amagulitsidwa limodzi ndi madesiki. A hedi musawakalipire, apepeseni bwinobwino, iwowo ndi a kalaliki ndi amene akudziwa pamene pali fayilo ya mwana wanu.

bambo_Tee:
Mxiii inu mukuwakometsera anthuwa. Kumeneku ndi kuba basi. Munthu ukudziwa kuti bizinesi ikumira iwe n'kumatolera fizi ya chaka chonse? Amangidwe ameneyo, mupeza galimoto yake ili bwinobwino ndipo ana ake akuphunzira kwina.

WaMaakaunti:
A bambo_Tee mkwiyo wanu ndikuumva koma pali kusiyana. Kulephera bizinesi pakokha si mlandu. Chimene chimakhala mlandu m'malamulo a mayiko ambiri ndi kupitiriza kulandira ndalama za anthu ukudziwa kuti palibe njira yoti udzapereke chimene alipirira, kapena kusamutsa katundu wa kampani kumuika m'dzina la mkazi wako zinthu zitayamba kuipa. Zikatsimikizika zimenezo khothi limatha kulamula kuti dailekita alipire kuchokera m'thumba mwake. Koma kutsimikiza kwake pamafunika mabuku ndi loya, n'chifukwa chake makolo ndi bwino kupita ngati gulu osati aliyense payekha.

owerenga_nyuzi:
Ndingowonjezerapo kuti izi sizichitikira masukulu ang'onoang'ono okha, ngakhale zimakampani zikuluzikulu m'mayiko olemera zinagwapo. Ku Sweden kunali kampani ya JB Education, ambiri ankaidziwa ndi dzina loti John Bauer, inali ndi masukulu ambirimbiri a sekondale ndipo mwini wake anali kampani yoika ndalama m'mabizinesi ya ku Denmark yotchedwa Axcel. Mu 2013 inagwa, ana oposa 10,000 anakhudzidwa, masukulu ena anatengedwa ndi makampani ena ena anatsekedwa. Kumeneko makolo salipira fizi, boma ndi limene limapereka ndalama pa mwana aliyense amene sukulu yalemba, koma masamu ake ndi omwe aja anena a WaMaakaunti: achinyamata a msinkhu wa sekondale anachepa zaka zimenezo, mipando inatsala yopanda anthu, ndalama n'kusiya kukwana.

Ku America ndiye kunali kampani ya makoleji yotchedwa Corinthian Colleges. Mu 2014 unduna wa zamaphunziro unangochedwetsa ndi masiku 21 ndalama za ngongole za ophunzira zimene kampaniyo inkadalira, poikayikira kuti inkanama pa chiwerengero cha omaliza maphunziro amene apeza ntchito. Masiku 21 okha chikampani chonsecho chinayamba kupuma movutikira, zomwe zikuonetsa kuti munalibe chosungira m'kati. Mu April 2015 inatseka makampasi 28 amene anatsala, ophunzira pafupifupi 16,000 anangouzidwa kuti basi kwatha. Chaka chotsatira mu September 2016 ITT Technical Institute nayo inatseka makampasi pafupifupi 130 boma litailetsa kulemba ophunzira atsopano odalira ngongole za boma. Ophunzira a Corinthian aja boma linadzawakhululukira ngongole zonse za boma zotsala mu 2022, madola 5.8 biliyoni a anthu 560,000, koma taonani zaka zimene zinadutsapo, 7, ena anali atakwatira n'kubereka kale.

Chimene chimandinyansa ine n'choti zaka zimene phindu likubwera limapita kwa eni ake, koma ikagwa amene amanyamula katundu ndi ana, aphunzitsi ndi boma. Bwenzi pali lamulo paliponse loti fizi yolipiriratu izisungidwa mu akaunti yapadera, sukulu izitapamo temu ikafika basi.

chokoNdiBolodi:
Lamulo limenelo ndi labwino papepala koma masukulu ang'onoang'ono ambiri angatseke mawa lomwe, chifukwa fizi yolipiriratuyo ndi imene amagulira mabuku ndi kupentera makalasi temu isanayambe. Ndipo tisaiwale kuti alipo eni masukulu ena oona mtima amene amagulitsa mpaka galimoto yawo kuti ana amalize chaka. Chimene ine ndingafune n'choti azikakamizidwa kuonetsa makolo mabuku owunikidwa ndi ma odita chaka ndi chaka, ndi kuti akaona kuti zavuta anene temu isanathe kuti ana asamuke mwadongosolo. Kutseka pakati pa temu ndiye nkhanza zenizeni.

mayi_wa_atsikana:
Zikomo kwambiri nonse Mulungu akudalitseni. A hedi ndawapeza, malipoti andipatsa ndipo kalata ya transifa akuti alemba ndi dzanja poti makompyuta atsekeredwa mu ofesi. Za mayesozo sindinapeze yankho, ku bungwe la mayeso andiuza ndibwere ndi lisiti komanso nambala ya senta ya sukuluyo. Makolo tatsegula gulu pa WhatsApp tikusonkherana kuti tipeze loya mmodzi, ngakhale ena ayamba kale kukangana za amene asunge ndalamazo kkkk. A WaMaakaunti ndifunseko, malisiti ena ndinataya koma ndinalipira kudzera kubanki, sitetimenti ya kubanki angailandire ngati umboni?

WaMaakaunti:
Eya amayi, nthawi zambiri amailandira bola ikuonetsa dzina la akaunti ya sukulu, tsiku ndi ndalama zake. Pemphani yodindidwa ndi banki, muphatikizepo kalata ija imene anakulemberani za kuchotsera fizi ngati mukadali nayo. Mupereke makope okha, zenizenizo musunge kunyumba, ndipo amene walandira akusainireni pa kope yanu.