Ampu ya mavalavu ikung'ung'udza osasiya, ndiyambire pati?

gitala_wakwaya:
Akuluakulu, ndili ndi ampu ya gitala ya Fender Deluxe Reverb yakale, ya 120V, yomwe ndimailumikiza ku magetsi athu a 230V kudzera pa transformer yotsitsa mphamvu. Ikangotentha imayamba kung'ung'udza, ngakhale gitala osalumikiza. Kutsitsa volume mpaka pa ziro sikukusintha kalikonse. Kodi ndigule mavalavu atsopano?

zamagetsi_ndirande:
Musathamangire kugula mavalavu, achimwene. Yambani mwadziwa mtundu wa phokosolo. Magetsi a kuno ndi a 50Hz. Ngati ma capacitor osefa magetsi auma, mumamva 100Hz, popeza valavu ya GZ34 imawongola mbali zonse ziwiri za magetsi, 50Hz ija n'kukhala kawiri. Gwirani G pa fret yachitatu ya chingwe chachikulu cha gitala, ameneyo ndi 98Hz. Zikafanana, ndi ma capacitor basi. Phokosolo likakhala lotsika kuposa pamenepo, ndi 50Hz, ndipo vuto lili kwina.

Poti volume sikusintha kanthu, phokosolo likulowera pakati pa volume ndi sipika. Zulani valavu ya 12AT7 yomwe ili pafupi ndi ma 6V6, mavalavu awiri opereka mphamvu ku sipika. Likapitirira, vuto lili ku ma capacitor, ku bias (magetsi a − olamulira mphamvu yodutsa mu ma 6V6) kapena ku ma 6V6 enieniwo.

Ma capacitor a 16µF ali m'kabokosi kachitsulo kunsi kwa chassis (chitsulo chomwe zida zonse za ampu zamangidwapo). Otupa kapena otuluka zoyera kumutu achotsedwe onse, muikepo a 16µF kapena 22µF a 500V. Koma chenjerani, amasunga magetsi oposa 400V ampu itazimitsidwa kale. Atsitseni ndi resistor ya 100k ya 5W, muyeze ndi mita mpaka afike pansi pa 10V, kenako mugwire.

valavu6v6:
Ambiri amaiwala ka capacitor ka bias. Kameneko kamadyetsedwa ndi diode imodzi yokha, choncho kakauma kamatumiza 50Hz molunjika ku ma 6V6. Ikani ka 50µF ka 100V, ndipo mwendo wa + upite ku chassis, osati wa −. Mukakatembenuza kamaphulika. Mukatha muyezenso bias, izikhala cha m'ma −35V.

Ma 6V6 awiriwo akasiyana mphamvu, nawonso amaleka kufafanizirana phokoso. Apo ndiye pogula awiri oyezedwa limodzi.

mmisiri_wakale:
Likapezeka kuti ndi 50Hz, onaninso mawaya obiriwira a 6.3V otenthetsa mavalavu. Ngati transformer ilibe waya wapakati, pamakhala ma resistor awiri a 100 ohm opita ku chassis, nthawi zambiri pa kababu kakutsogolo. Imodzi ikapsa, phokoso limakula zedi. Mawayawo akhale opotana bwino, kutali ndi opita ku ma grid (polowera mawu m'mavalavu).

Transformer yotsitsayo musaiike pamwamba kapena mkati mwa ampu, thanki ya reverb imatola maginito ake. Isuntheni mita imodzi mumve kusiyana. Ngati chingwe cha magetsi chikadali cha mawaya awiri, ikani cha atatu chokhala ndi earth, muchotsenso capacitor ya pa switch ya ground. Capacitor imeneyo ikaonongeka, magetsi amafika mpaka ku zingwe za gitala.