Jaime ndi Brienne a mu Game of Thrones, kodi ndine ndekha amene ndikukanabe mathero aja?

MwanaWaAgogo analemba:

Abale ndithandizeni mwina mutu wangawu ndi umene sukuyenda bwino. Ndamaliza kuoneranso Game of Thrones kachitatu, ma sizoni onse 8, ma episodi 73 (ndinali pa holide musandiweruze kkk) ndipo mpaka lero mtima ukukana zoti Jaime Lannister anamusiya Brienne nkukafera mmanja mwa Cersei, mlongo wake wa mapasa yemwe analinso chibwenzi chake. Bambo a kunyumba akuti ndikungozivuta, akuti awiri aja panalibe chikondi olo pang'ono, kunali kungolemekezana kwa asilikali basi ndiye olemba anangowakankhira kuchipinda sizoni yomaliza kuti asangalatse anthu ngati ine. Tinatsutsana mpaka nsima kuzizira.

Ine mfundo yanga ndi iyi. Mu filimu yonse ija anthu ambiri amakondana chifukwa cha nkhope kapena mpando, koma awiriwa anayamba ndi kudana kwenikweni. Catelyn Stark atamumasula Jaime mu sizoni 2 nkumupereka kwa Brienne kuti akamusinthanitse ndi ana ake aakazi ku King's Landing, njira yonse Jaime ankangomunyoza mtsikana uja za msinkhu wake ndi nkhope yake, Brienne naye osamutchula dzina, ankangoti wopha mfumu. Ndiye taonani zimene zinachitika atagwidwa ndi gulu la msilikali wankhanza uja Locke. Anyamata aja ankafuna kumugwiririra Brienne, Jaime ali womangidwa, palibe chomwe akanapindula, koma anapeka bodza loti kwawo kwa Brienne ku Tarth kuli miyala ya safiro yochuluka ndipo bambo ake alipira chuma chambiri mwana wawo akabwerera osakhudzidwa. Usiku womwewo iye nkudulidwa dzanja lamanja, dzanja lomwe linkamupanga kukhala Jaime Lannister. Ndipo atataya mtima osafunanso kudya, amene anamukalipira kuti asiye kudzimvera chisoni anali Brienne yemweyo.

Koma pomwe ine ndimalira nthawi zonse ndi mubafa muja ku Harrenhal. Munthu wakhala zaka zoposa 15 dziko lonse likumulavulira kuti anabaya mfumu yomwe analumbira kuiteteza, sanadzitchinjirizepo pamaso pa anthu, ndiye tsiku limenelo akumuuza mkazi amene amamuda chilungamo chonse, kuti mfumu yamisala Aerys inali itakwirira mankhwala oyaka moto wobiriwira pansi pa mzinda wonse wa King's Landing ndipo inalamula kuti auyatse, komanso kuti Jaime abweretse mutu wa bambo ake omubereka. Munthu sumaulula zotere kwa mnzako wa kuntchito. Kenako anali atanyamuka kale ulendo wakwawo, mfulu, atamva kuti Locke wakana ndalama 300 zagolide zomwe bambo a Brienne analonjeza, anakakamiza omuperekeza kuti abwerere, nkukamupeza mtsikana ali mdzenje ndi chimbalangondo atamupatsa lupanga lamtengo. Jaime analumphiramo opanda chida, dzanja limodzi. Inu mundiuze kuti kumeneko nkulemekezana kwa asilikali?

Funso langa ndi loti, kodi chinali chikondi kapena ndine amene ndikuona zinthu zomwe kulibe? Nanga ngati chinali chikondi, kubwerera kwa Cersei kuja kukutanthauza chani?

Bambo_a_Junior analemba:

Mlamu, amuna anuwo akunena zoona theka. Chikondi chinalipo koma cha mbali imodzi. Brienne ankamukonda, zimenezo olo Cersei anaziona pa ukwati wa mwana wake mfumu Joffrey paja anamufunsa maso ndi maso Brienne nkusowa choyankha. Koma Jaime? Musaiwale uyu ndi munthu yemwe episodi yoyamba yeniyeni anakankha mwana, Bran, kuchokera pa windo la nsanja chifukwa wamupeza ndi mlongo wake wa mapasa. Malaulo enieni. Munthu wotere angasambe bwanji, galu amabwerera ku masanzi ake. Ine mathero aja sanandidabwitse olo, ndinangoti eya ndi ameneyo Jaime amene timamudziwa. Paja mu sizoni 5 ali ndi Bronn ku Dorne ananena yekha kuti amafuna kudzafera mmanja mwa mkazi amene amamukonda, ndiye anafera mmanja mwa ndani? Yankho muli nalo.

Chiphadzuwa265 analemba:

Kkkkk inu nonse mukumuiwala Tormund wakumpoto uja bwanji?? Mwamuna amene anamuona Brienne tsiku loyamba ku Castle Black nkungoti kukamwa yasa, sanafunike kudulidwa dzanja kaye kuti azindikire kuti mkaziyu ndi wabwino. Sanamunyozepo za kutalika, kutalikako nkomwe kunkamupengetsa, mpaka kumawerengera ana omwe angabereke kkkk. Ife akazi vuto lathu ndi limeneli, wotikonda poyera timamuona ngati chitsiru nkumathamangira wa nkhope yosalala amene mtima wake uli kwina. Brienne akanapita kumpoto ndi Tormund bwenzi pano akumwa mkaka wa zimphona mwamtendere.

MwanaWaAgogo analemba:

@Chiphadzuwa265 asisi Tormund ndimamukonda nane koma tanenani zoona, anayamba wakhalapo pansi nkumufunsa Brienne kuti moyo wake unayenda bwanji? Amadziwa za phwando lija bambo ake anakonza anyamata nkumamuseka mseri, Renly, mng'ono wake wa mfumu Robert, nkumuvinitsa kuti asachite manyazi? Tormund ankakonda thupi, zili bwino, koma Brienne sanamusekerereko mwachikondi olo kamodzi, nkhope yake inkangooneka ngati wanunkhidwa. Mkazi nayenso ali ndi ufulu wosankha, sikuti aliyense wokufuna ndiye wako.

@Bambo_a_Junior alamu mwatchula za ku Dorne, bwanji simunatchule kuti mu episodi yomweyo ali mu sitima anadutsa pafupi ndi chilumba nkufunsa, atauzidwa kuti ndi Tarth nkhope yake inasintha, anangoti duu kuyang'ana? Olemba anaika zimenezo dala. Ndipo za lupanga mukuzithawa. Tywin, bambo ake a Jaime, anasungunula lupanga lalikulu la Ned Stark, mwamuna wa Catelyn, nkupanga awiri, limodzi anapatsa Jaime, chitsulo cha Valyria chomwe banja la Lannister lakhala likuchilakalaka zaka zambirimbiri, iye nkungolipereka kwa Brienne pamodzi ndi zovala zankhondo zomukwana ndendende (anadziwa bwanji saizi? kkk) kuti akasake Sansa, mwana wa Catelyn, mdani wa mlongo wake. Brienne nkulitcha Oathkeeper, losunga lumbiro. Atakumana ku Riverrun sizoni 6 ali mbali zosiyana pa nkhondo Brienne anafuna kubweza, Jaime anakana nati ndi lako mpaka kale. Usiku uja Brienne akuthawa pa bwato ndi mnyamata wake womuthandiza Podrick, Jaime anawaona ali pamwamba pa linga, sanaitane asilikali, anangokweza dzanja. Ndipo lupanga linzake lija pamapeto linali mchiuno mwa Jaime, ndiye ku Winterfell ankamenya nkhondo ndi zidutswa ziwiri za lupanga limodzi, kuteteza nyumba ya mwini lupangalo. Ngati zimenezo si ukwati ine sindikudziwa.

Kamtedza_BT analemba:

Ine ndili pakati. Chikondi chinalipo mbali zonse, pamenepo ndikugwirizana ndi MwanaWaAgogo, koma ine ndimaona kuti chinafika pachimake pa episodi 2 ya sizoni 8, osati kuchipinda kuja. Kumbukirani usiku uja akudikira gulu la akufa, atakhala pamoto Tyrion (mng'ono wake wa Jaime), Davos, Podrick, Tormund ndi awiriwa, aliyense akudziwa kuti mawa mwina kulibe. Tormund ndi amene anafunsa kuti bwanji Brienne si knight (msilikali wodzozedwa waulemu wapadera), nkuuzidwa kuti mwambo sulola akazi, ndiye Jaime nkunena kuti sipafunika mfumu, knight aliyense atha kudzoza mnzake. Brienne anayamba ngati akukana, mukudziwa munthu amene wasekedwa moyo wake onse amaopa kuti apanso akundiseka, kenako anagwada. Kumwetulira kuja atadzuka misozi ili mmaso, ine sindinamuonepo akumwetulira choncho ma sizoni onse. Mmawa wa tsiku lomwelo ndi Brienne amene anaima pamaso pa Daenerys, mwana wa mfumu Aerys ija, ndi Sansa kumuikira kumbuyo Jaime pomwe aliyense ankafuna mutu wake, ndipo Jaime anapempha yekha kuti amenye nkhondo pansi pa ulamuliro wa Brienne, munthu amene ankatsogolera asilikali onse a Lannister.

Ndiye akanasiyira pomwepo. Zomwe anachita episodi 4 ndi zomwe zinandinyansa, masewera akumwa aja Tyrion nkufunsa pagulu ngati sanagonepo ndi mwamuna, Jaime nkumutsatira ataledzera, ndiye episodi yomweyo yomweyo nkunyamuka usiku kumusiya mkazi wamphamvu ngati uja akulira panja atavala chovala chogonera. Zinthu zomwe anazimanga kuyambira sizoni 2 anazipsereza mu mphindi zochepa. Vuto sizoni 8 inali ndi ma episodi 6 okha, sizoni 7 inali ndi 7, pomwe kale ankatipatsa 10. Ankathamanga ngati minibasi yolimbirana pasenjala.

Ine nthawi imeneyo mu 2019 ndinkadzuka 3 koloko mbandakucha Lolemba kuonera pa M-Net nthawi imodzi ndi aku America kuopa kuti anthu andiuziratu pa Facebook, tsiku la episodi 4 magetsi anazima Jaime akumanga hatchi, ndinagona ndikuganiza kuti Brienne amubweza. Ndinakamalizira madzulo kwa mnzanga, bola ndikanangokhala osadziwa.

Bambo_a_Junior analemba:

Aise Kamtedza wanena bwino za kuthamanga koma sizikusintha kanthu. Pochoka paja Jaime anawerenga yekha machimo ake onse, za Bran, za msuweni wake amene anamupha kuti athawe mu ukaidi, nati zonse ndinachitira Cersei, iye ndi woipa nanenso ndine woipa. Mwini wake wavomera, inu mukumukanira chani? Ndi ngati amuna ena timawadziwa, amapeza mkazi wabwino wowasamala koma akangomva kuti wakale uja ali pamavuto amasiya mbale ya nsima nkuthamanga.

Mlaliki_Wopuma analemba:

Ana inu ndiloleni nkhalamba ndiponyepo. Ine ndinawerenga mabuku a George R.R. Martin filimu isanafike patali, ndipo kumeneko nkhani ili mwina. Mu buku lachinayi, A Feast for Crows, Cersei atamangidwa ndi anthu a chipembedzo aja analemba kalata kumuchonderera Jaime kuti abwere adzamupulumutse, Jaime ali ku Riverrun anawerenga nkulamula kuti kalatayo iponyedwe pamoto. Ndipo za chimbalangondo zija mu buku anabwerera chifukwa anamulota Brienne, ndipo anamuuza yekha choncho. Pomwe buku lachisanu la 2011 linamusiyira, Jaime wanyamuka ndi Brienne awiriwiri. Lachisanu ndi chimodzi tikudikirabe mpaka imvi zatha kumera kkk. Ndiye Bambo a Junior musamalankhule ngati nkhani inatsekedwa, amene anatseka ndi a HBO, kampani yomwe inapanga filimuyi.

Chinanso chomwe chimandiuza kuti olemba filimu anasochera: mu sizoni 3 sing'anga uja Qyburn akumutsuka bala, Jaime ananena monyadira kuti anapulumutsa anthu theka la miliyoni a mu King's Landing. Sizoni 8 munthu yemweyo akuuza Tyrion kuti anthu wamba sanawalabadirepo. Nanga anaphera mfumu chani? Ngati anaiwala chimenecho, kuiwala Brienne sichinali chovuta.

MwanaWaAgogo analemba:

@Mlaliki_Wopuma zikomo bambo, kalata yapamoto imeneyo ndikawerengera munthu wina kunyumba kuno madzulo ano.

Koma alamu Bambo_a_Junior pali china chomwe ndakhala ndikuchiganiza chiyambire kuwerenga yankho lanu. Mukuti anavomera yekha kuti ndi woipa. Onereraninso nkhope yake Brienne atamugwira masaya, munthu uja sankalankhula ngati wosakonda, ankalankhula ngati munthu amene sakukhulupirira kuti zabwino zimamuyenera, komanso ankafuna Brienne amude kuti asamutsatire kukafa naye. Cersei anali ndi mimba yake, anabadwa naye tsiku limodzi, kumusiya afe yekha sakanatha. Ine sindikuti anachita bwino ayi, ndinamutukwana pa sikirini mpaka mwana kudzuka. Ndikungoti kupita kuja sikufufuta dzenje la chimbalangondo.

Ndipo Brienne mwini wake anatiyankha. Uja ndi munthu amene sanama, olo bodza laling'ono limamukanika. Atakhala mkulu wa asilikali oteteza mfumu Bran anatsegula buku loyera lija lolembamo mbiri ya asilikaliwo, tsamba la Jaime lomwe Joffrey ankaliseka kuti lilibe kanthu, nkulemba zonse zabwino zomwe anachita mpaka kudzaza, pomaliza nkulemba kuti anafa akuteteza mfumukazi yake. Mkazi wosiyidwa usiku akulira, cholembera chili mmanja mwake, akanatha kulemba chilichonse. Ine ndikanakhala ine tsamba lija ndikanalemba zina, mwina mpaka kuling'amba kkkk.

Chiphadzuwa265 analemba:

Ndiye mwavomereza nokha kuti anatsala ndi buku ndi cholembera pomwe Tormund anali pompo wamoyo ndi manja onse awiri. Ine sindisuntha. Amene ali ndi sizoni 3 yooneka bwino ku Lilongwe andiuze ndibweretse fulashi, yomwe ndinakopetsa kumsika episodi ya chimbalangondo imaduka pakati Jaime asanalumphe.