Kodi Aesop analikodi kapena ndi dzina chabe?

Wofunsa265: Abale ndithandizeni, nthano zija za kalulu ndi kamba, nkhandwe yomwe inalephera kufikira mphesa nkumati nzosapsa, amati ndi za Aesop, koma munthuyu analipodi?

MamaWaAwiri: Analipo achimwene. Herodotus, wolemba mbiri yakale wa ku Greece, analemba kuti anali kapolo wa Iadmon pachilumba cha Samos, zaka za m'ma 500 Yesu asanabadwe, ndipo anaphedwa ndi anthu a ku Delphi. Nkhani zina zimati anamunamizira kuba chikho cha mkachisi nkumuponya kuphompho, ine pamenepo mtima umandiwawa.

Chitsulo_K: Zoona mayi, koma palibe buku lomwe analemba yekha. Nthanozi zimangoyenda pakamwa mpaka Demetrius wa ku Phalerum anazisonkhanitsa cha m'ma 300 BC, kenako Phaedrus anazilemba mundakatulo za Chilatini, Babrius m'Chigiriki, ndiye zambiri zinangopachikidwa pa dzina lake. Ngakhale Socrates, katswiri woganiza mozama wa ku Greece, ali mndende akudikira imfa ankazisandutsa ndakatulo, wophunzira wake Plato ndi amene akutiuza.

Wofunsa265: Eee ndiye sizinali za ana okha?

Chitsulo_K: Ayi ndithu. Taonani ya mmbulu ndi kamwana ka nkhosa, mmbulu ukuti wandidetsera madzi pomwe kamwanako kakumwera kumunsi, ukutinso unanditukwana chaka chatha, iko nkuti ndinali ndisanabadwe, koma umakadyabe basi. Imeneyo ndi ya akuluakulu, kapolo sakanatha kudzudzula bwana maso ndi maso ndiye amalankhulitsa nyama.

MamaWaAwiri: Anga sindinawauzebe imeneyo, ndimawauza ya nyerere ndi nyenje.