Zithunzi za sikana ya m'manja zikuda komanso kutuluka mizere pa e-reader

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa buku lakale lodzaza ndi zithunzi za anthu kuti ndilikonze likhale EPUB, fayilo ya buku lowerengera pa e-reader (kachipangizo kowerengera mabuku). Mwini wake wakana kuti timasule masamba, ndiye ndikugwiritsa ntchito sikana ya m'manja, ija timaiyendetsa pamwamba pa tsamba. Malemba akutuluka bwinobwino, OCR, pulogalamu yozindikira malemba, ikuwerenga osavuta. Koma zithunzi ndiye ayi. Pa kompyuta zikuoneka bwino, ndikangoziika pa e-reader ya Kobo Clara HD nkhope zikuda bii, pa majekete pakutuluka timizere tokhotakhota tomwe m'bukumo mulibe, ndipo thambo likuoneka la mikwingwirima. Ndikusikana pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi). Ndikwere pa 900?

Tembo: Kwerani pa 900 asisi, nkhani itha.

Bambo Gondwe: Pepani a Tembo, 900 payokha siyichotsa timizereto. A Nabanda, tengani galasi lokulitsira muyang'ane tsaya la munthu mmodzi m'bukumo. Mupeza kuti palibe kutuwa kulikonse, ndi timadontho ta inki yakuda tondandalikidwa m'mizere, takuluko pamene pali mdima, tating'ono pamene pali powala. Nyuzipepala zimasindikiza mizere pafupifupi 85 pa inchi, mabuku a pepala losalala 133 kapena 150. Tsono sikana ili ndi mizere yakeyake ya mapikiselo, sikirini ya e-reader ilinso ndi yake. Mukasanjikiza maneti awiri a udzudzu n'kupotozako imodzi pang'ono, mumaona mafunde amene mu neti iliyonse payokha mulibe. Mafunde amenewo ndiwo amatchedwa moiré.

Pa 300 dpi, ngati bukulo ndi la mizere 150, kadontho kalikonse kakugwera pa mapikiselo awiri okha, ndiye sikana ikulephera kukajambula bwino. Sikanani pa 600 kuti timadontho tioneke bwino, kenako mutifafanize dala. Pa 900 dzanja liyenera kuyenda pang'onopang'ono kwambiri, likangonjenjemera nkhope imapotoka.

Nabanda: Nanga bwanji pa kompyuta sizikuoneka, bambo?

Bambo Gondwe: Zilipo. Kulitsani chithunzi chifike pa 100%, kenako muchichepetse pang'onopang'ono, muona timizere tikubwera n'kupita. E-reader ikapatsidwa chithunzi chachikulu kuposa sikirini yake imachichepetsa yokha mwachangu, ndipo mpamene timatulukira poyera.

Mayi Nyirenda: Ndionjezere pa zimene anena a Gondwe, chifukwa kuda kwa nkhope ndi mikwingwirima ya thambo ndi vuto lina. Sikirini ya E Ink, imene ili pa e-reader yanuyo, imaonetsa milingo 16 yokha kuchokera pakuda kufika poyera, pamene fayilo yanu ili ndi 256. Thambo limene limasintha pang'onopang'ono limadulidwa m'zigawo, n'chifukwa chake mikwingwirima. Komanso poyera pa E Ink sipoyera mbee ayi, n'potuwirako, pakuda n'posada kwenikweni. Zonse zimene zili m'mithunzi, monga maso ndi makwinya a pankhope, zimangophatikizana. Ndi zithunzi za anthu a khungu lakuda vutoli limakula kwambiri, munthu amangotsala mano ndi kolala.

Ine ndimatsata ndondomeko iyi mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi. Ndimadula chithunzi kuchichotsa pa malemba, n'kuchisandutsa Grayscale. Ndimaika Gaussian Blur ya pakati pa 1.5 ndi 2 pa chithunzi cha 600 dpi, mpaka timadontho titangosowa, osapitirira. Kenako ndimachichepetsa ndekha kuti chikwane mu 1072 x 1448, omwe ndi mapikiselo a Clara HD. Ndikatero ndimatsegula Levels n'kukankha kachizindikiro kapakati kufika cha m'ma 1.3 kuti mithunzi itseguke. Pa kompyuta chizioneka ngati chasuluka, musadandaule nazo, woweruza ndi e-reader. Unsharp Mask pang'ono imabwera pamapeto. Mukaiyika musanafafanize, mukunola timadontho tomwe mukufuna kuchotsa tija.

Chisale: Ngati zithunzi ndi zambiri musavutike chimodzichimodzi. Pulogalamu ya ImageMagick imachita zambiri mwa izi ndi mzere umodzi:

magick tsamba.jpg -colorspace Gray -gaussian-blur 0x2 -resize 1072x1448 -gamma 1.3 -dither FloydSteinberg -posterize 16 tsamba.png

Mbali yomalizayo ndiyo ikuthana ndi thambo. Imatsitsa milingo kufika pa 16 koma n'kumwaza timadontho m'malire kuti diso lisaone podukira. Musunge ngati PNG, JPEG imasokoneza timadonthoto.

Mayi Nyirenda: Apo pokha ndikutsutsani achimwene. Dithering, kumwaza timadontho kumene mwanenaku, imagwira bwino ngati chithunzi chikuonetsedwa pikiselo pa pikiselo. Bukuli likakatsegulidwa pa Kindle Paperwhite ya 2021, yomwe ndi 1236 x 1648, kapena pa foni, makina alikulitsa kapena kulichepetsa, ndipo timadontho tanu tija tibala moiré yatsopano. Ngati owerenga ali ndi makina osiyanasiyana, ndi bwino kusiya milingo 256, thambo likhale ndi mikwingwirima pang'ono, nkhope zipulumuke.

Chisale: Zoona mayi. A Nabanda afunse kaye mwini buku kuti likawerengedwa pa chiyani.

Tembo: Bwanji osangomuuza mwini bukuyo agule e-reader ya mitundu?

Chisale: Sizithandiza. Sikirini ya mitundu ya Kaleido 3 imaonetsa mitundu 4,096, koma pa mapikiselo 150 pa inchi, theka la 300 ya zakuda ndi zoyera, ndipo sikirini yake ndi yoderako. Zithunzi za bukuli n'zopanda mitundu kale.

Nabanda: Ndafunsa, akuti abale ake ali ndi makina osiyanasiyana, ndiye dithering ndaisiya. Ndasikananso pa 600 n'kutsata za Mayi Nyirenda. Timizere tasowa, ndipo pa chithunzi china cha gulu tsopano ukutha kuona kuti agogo a kumapeto avala magalasi. Koma ndikadutsitsa mu Calibre, pulogalamu yopangira EPUB, zikuchepanso n'kuoneka zosalongosoka.

Mayi Nyirenda: Pitani pa Page setup musinthe Output profile ikhale Tablet, imeneyo siyichepetsa zithunzi. Kapena lowetsani zithunzizo mwachindunji ndi Sigil, pulogalamu yokonzera EPUB.

Nabanda: Zatheka, zikomo mayi. Chatsala ndi zithunzi zoyandikira kumsana kwa buku. Mbali ya m'katiyo ikuchita chimbuuzi, blur ndisanaike n'komwe. Pena malemba a kuseri akuonekeranso.

Bambo Gondwe: Za malemba a kuseri, lowetsani pepala lakuda kumbuyo kwa tsamba, osati loyera, asowa. Mupukutenso kagalasi kapansi pa sikana, kafumbi kamodzi kamakoka mzere tsamba lonse. Chimbuuzicho ndiye palibe pulogalamu ingachikonze. Masikana a m'manjawa ali ndi sensa ya CIS, yomwe imaona bwino chinthu chokhacho chagunda galasi. Tsamba likangopindikira kumsana n'kutalikira pang'ono, zatha. Tsegulani bukulo theka, chikuto chimodzi chiimirire chotsamira khoma, tsamba limene mukusikana ligone fulati, muyambire kumsana kutulukira kunja. Chimene chakanabe, chipsinjeni ndi galasi loyera muchijambule ndi kamera ya foni, kuwala kuchokere m'mbali kuti galasi lisanyezimire, kenako chidutse mu GIMP ngati zinzakezo.