Manja ang'ambika ndi dimba, hand rub akuwawa, mukupanga bwanji anzanga?

Anachisale (postnatal, ward ya amayi ongobereka kumene): Anzanga a kuchipatala ndithandizeni ndatopa. Ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba ku Matawale kuno ku Zomba, mabedi a mpiru, repu, anyezi ndi matimati pang'ono. Ndikaweruka night tulo sitibwera msanga, m'mutu mumakhala mukulirabe makanda, ndiye ndimayamba ndagwira kheni ndi khasu mpaka mtima ukhale m'malo. Vuto ndi manja. Ndi dzuwa la Okutobala lino dothi lauma gwaa, zala zang'ambika m'mbali mwa zikhadabo, chala chachikulu chakumanja chachita mng'alu wotuluka magazi. Ndikapaka hand rub, mankhwala aja a spiriti ophera majeremusi m'manja, ndimachita kuluma mano. Chlorine wa mu ndowa ndiye osanena. A in-charge, akulu a pa ward, aona posinthana shift, akuti ndisagwire mayi kapena mwana bala lili pamtunda, ndipo sakulakwa. Pulasitala sakukhalitsa, kusamba m'manja kawiri wamatuka. Dimba sindisiya, musayambe n'komwe. Ndikufuna njira.

Achimwene a ku casualty (kolandirira odwala mwadzidzidzi): Achemwali, siyani dimbalo basi. Masamba adzaza ku Mpondabwino, ku Chinamwali, mumsika waukulu. Manjawo ndi amene akukudyetsani.

Anachisale (postnatal): Achimwene ndanena kale. Si ndiwo zimene ndikufuna m'dimbamo.

Anaphiri (labour ward): Choyamba, katemera wa tetanus (kafumbata) munamaliza? Ambirife timabaya amayi ku sikelo tsiku ndi tsiku koma khadi lathu sitilidziwa kumene lili. Onse ndi 5: wachiwiri pakatha masabata 4, wachitatu pakatha miyezi 6, wachinayi pakatha chaka, wachisanu chaka chinanso. Inu mukugwira manyowa a ng'ombe ndi a nkhuku ndi chala chong'ambika. Ndili mwana wasukulu ndinasamalirapo bambo wina wochokera cha ku Jali, anangodzitema pang'ono ndi khasu pachidendene, n'kumangapo kansanza. Anafika nsagwada zitagwirana, supuni osalowa. Tinamuika m'chipinda cha mdima, chitseko chikangomenyeka thupi lonse limapindika kumbuyo. Mpaka lero ndikaona bala la khasu ndimafunsa za katemera ndisanafunse dzina.

Amayi a ku IP (oona za kupewa kufala kwa matenda m'chipatala): Mwanawe, tamvera. Usakatenge magolovesi a pa ward kukalimira. Ndi katundu wa odwala, komanso amang'ambika ukangogwira mpini, thukuta n'kudzaza mkati, khungu n'kufewa, ming'alu n'kuwonjezeka. Kagule magolovesi okhuthala ku hardware, aja ansalu okhala ndi mphira kuchikhatho. Usanalowe m'dimba kanda sopo wamtanda ndi zikhadabo kuti alowe kunsi, dothi silipeza pokhala, pomaliza limangotsukika. Zikhadabo zizikhala zazifupi, zimenezo ukudziwa.

Tsono chimene chikukumalizani ambiri si dothi lokha ayi. Mumasamba ndi sopo, manja asanaume mwathira hand rub, asanaumenso mwavala golovesi. Musamaphatikize. Manja akaoneka akuda, sopo ndi madzi, masekondi 40 mpaka 60, n'kupukuta bwinobwino mpaka m'mipata ya zala. Akakhala oyera, hand rub yekha, masekondi 20 mpaka 30, n'kudikira aume. Hand rub amaluma pakhungu long'ambika kale, koma amene amachotsa mafuta apakhungu kwambiri ndi sopo. Ndipo mu chlorine wa 0.5% muja mukulowetsamo bwanji dzanja lopanda utility glove, golovesi yokhuthala ija yotsukira zinthu?

Anabanda (paeds, ward ya ana): Amayi, ma utility glove ake ali kuti? Peyala imodzi ward yonse, yobowoka kale chala.

Amayi a ku IP: Mulembe mu report, mulembenso mawa. Mukangokhala chete kumaoneka ngati zonse zilipo.

Achimwene a ku casualty: Mwaona? Magolovesi a ku hardware, sopo, katemera, zonsezi chifukwa cha mpiru. Muwerengere ndalama ya magolovesi, mbewu, bilu ya madzi, muone ngati simukanagula ndiwo za mwezi wathunthu. Ngati mukulifunitsitsa dimbalo pezani mnyamata waganyu.

Anaphiri (labour ward): Achimwene, munthu akagwira ntchito usiku wonse pakati pa magazi ndi kulira amafuna pokatulira. Ena amakatulira ku bawo, ena ku kwaya, ena m'botolo, ndipo a m'botolowo timawadziwa mathero awo. Waganyu angathirire, koma sangakupumireni.

Anangondo (health centre, njira ya ku Domasi): Za chlorine zandikumbutsa kolera ya 2022 mpaka 2023. Tinali mu tenti, ndowa ziwiri zofanana, ina 0.05% yosamba m'manja ina 0.5% yotsukira zinthu. Chikwangwani chinagwa ndi mvula, anthu tinasamba mu yamphamvuyo shift yonse. Manja anasupuka ngati mbatata yophika. Sabata yonse nsima ndimadya ndi supuni. Ndiye Anachisale, musafulumire kunamizira dimba. Onani ngati manja amachira mukakhala pa off koma mukulimabe. Akamachira, vuto lili ku ntchito. Ena chimawavuta ndi latex, mphira wopangira magolovesi, kapena ufa wa m'magolovesimo. Kuyabwa, tizilonda tamadzi, kufiira kolekezera pamkono pamene golovesi imathera, zimenezo si khasu. Kaonetseni ku skin clinic, mwina mungapemphe magolovesi a nitrile, opanda latex.

Anabanda (paeds): Ine Vaseline ndiye anandipulumutsa. Usiku ndisanagone ndimapaka wambiri manja akadali achinyezi, n'kuvala masokosi oyera a thonje m'manjamo. Mukakhala pa night muzichita masana pogona. Glycerine nayenso amathandiza.

Amayi a ku IP: Kunyumba kokha. Osapaka Vaseline polowa pa ward, amaononga latex, golovesi imatha kubooka osadziwa. Komanso ndamva ena akumata ming'alu ndi super glue wa pa okala. Musayerekeze. Mutsekera dothi mkati, mawa chala chatupa mafinya, ndiye mukhala kunyumba sabata ziwiri. Mng'alu wotseguka umafuna kutsukidwa, pulasitala wosalowa madzi, golovesi pamwamba, n'kusintha akanyowa. Ukamatuluka madzi kapena mafinya, uwauze a in-charge akupatse ntchito yosagwira wodwala mpaka upole. Mchombo wa khanda suchedwa kutenga matenda, ndipo iwenso magazi a mayi akhoza kukulowa pomwepo. Tisafike pa PEP, mankhwala oteteza ku HIV ukakhudzana ndi magazi a wina, chifukwa cha bedi la anyezi.

Achimwene a ku casualty: Ndi zimene ndikunenazo. Ndipo palibe watchula mankhwala opopera. Nyengo ino nsabwe zimadzaza pa repu ndi mpiru, kangaude wofiira pa matimati, anthu amathamangira dimethoate. Ameneyo ndi poizoni wa gulu la organophosphate, amalowa ndi pakhungu pomwe, nanji long'ambika. Ndinachezera usiku wina ndi kamwana kamene kanamwa otsala, bambo ake anasunga m'botolo la zakumwa pansi pa bedi. Thovu kukamwa, timaso tating'onoting'ono, pachifuwa pali phokoso lokhalokha. Atropine, mankhwala olimbana ndi poizoniyo, tinachita kukapempha ku ma ward ena. Anachira, koma ine kunyumba kwanga botolo la mtundu umenewo sililowa. Siyani dimba.

Anangondo (health centre, njira ya ku Domasi): Pa mankhwala ndikugwirizana nanu, koma posiya dimba ayi. Ine ndimanyika masamba a nimu kapena ombwe usiku, m'mawa kusefa, kuthira sopo pang'ono, kupopera kunsi kwa masamba dzuwa litapepa. Ombwe nayenso ndi poizoni, amapha nsomba, ndiye magolovesi, komanso osatsukira ndowa mu Likangala. Osathyola ndiwo tsiku lomwelo. Aja a fodya wonyika asiyeni, chikonga chimalowa pakhungu.

Kuti muchepetse kugwira dothi, phimbirani mabedi ndi udzu wouma kapena mapesi. Chinyezi chimakhalitsa, udzu sumera wambiri, khasu mumaligwira mwa apo ndi apo. Kupalira muzichita mutathirira, dothi lili lofewa, osati kukanda pouma ndi zala. Matimati pophata nthambi valani kanthu, utomoni wake uja wobiriwira umayabwa ndipo umakanirira m'ming'alu.

Anachisale (postnatal): Zosamba ndi sopo kenako hand rub ndimachitadi. Khadi la tetanus ndikalifufuza. Koma pulasitala wosalowa madzi mukumupeza kuti? Wa pa ward ndi zinc oxide uja basi.

Anabanda (paeds): Ma pharmacy a m'tauni amakhala naye nthawi zina, funsani wa zala. Koma amadula.

Achimwene a ku casualty: Onjezani pa bilu ija.

Anaphiri (labour ward): Achimwene mwamveka. Anangondo, phimbira wanuyo chiswe mumathana nacho bwanji? Kwathu ku Sadzi ndikangoyala mapesi, masiku ochepa chalowa, chikamaliza mapesi chikudya mitengo yogwiriziza matimati.

Anangondo (health centre, njira ya ku Domasi): Osagundika udzu kutsinde, siyani kampata. Ena amawaza phulusa. Koma chikakhala ndi chulu pafupi ndiye ndi nkhani ina. Mvula ikayamba Novembala uno chotsani mabedi a matimati msanga, chiwawu sichichedwa kuno kumunsi kwa phiri, bola nkhwani ndi bonongwe.

Anabanda (paeds): Amene ali ndi mbande za anyezi zotsala andisungireko. Komanso alipo angandigwirire night ya Loweruka? Ndidzabweza Lachiwiri, kuli chinkhoswe ku Thondwe.